Mawu Amene Ndinawaika M'kamwa mwa Mama Akinyi

Amayi ndi abambo, achimwene ndi achemwali, mwaswera bwanji nonse? Zikomo mayi Nyirenda pondipatsa mpatawu. Mwati ndisapitirire mphindi khumi, koma inu mumandidziwa, choncho yambiranitu kundikhululukira.

Dzina langa ndine Zione, kwathu ndi ku Ndirande, ndipo ndine chidakwa. Lero ndakwanitsa chaka ndi miyezi inayi osalawa. Musaombe m'manja kaye, simunamve zimene ndinachita.

Ndikulowa muno ndaona ena akuyang'ana majombo angawa ndi mutu wometa mbali imodziwu, kenako n'kumakodolana. Ndakuonani. Abusa nawonso anandipempha mwaulemu sabata yatha kuti ndidzafotokoze mmene nyimbo zaphokoso zinandisocheretsera, kuti ana a ku koleji amene akhala kumbuyoko atengerepo phunziro. Pepani abusa, umboni umenewo ndilibe. Mowa ndinkamwa ndi pakamwa pangapa, palibe gitala imene inanditsegulira botolo. Ndipo ngati lero ndaima pano miyendo yosanjenjemera, mbali ina ndi chifukwa cha mdala wina wa nyimbo zomwezo. Dzina lake sinditchula, chifukwa ndikatero theka la inu muyamba kumufufuza pa foni ine ndikulankhula. Tizingomutchula kuti Mdala.

Kwa amene simukuzidziwa, panki ndi nyimbo za anthu okwiya. Gitala imalira ngati chigayo, wang'oma amathamanga, woimba amakuwa, mphindi ziwiri nyimbo yatha. Ndinazimva koyamba ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, pa kaseti imene msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Joni. Pojambula kasetiyo Mdala anali mnyamata wotsogolera bandi, ndipo Chingerezi chake sindinkachimva ngakhale theka. Koma mkwiyo ndinaumva wonse. Bambo anga anatisiya ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mayi anga ankachapa zovala za anthu kuti tidye, ndipo sananenepo choipa cha bambowo tsiku ndi limodzi lomwe. Ndikayamba ine kuwanena, ankangoti, "Zione, tseka pakamwa, anthu akumva." Ndiye ndinapeza munthu amene sankatseka pakamwa, ndipo ndinamukonda ndi mtima wonse.

Ku Nairobi kuno ndinabwera kudzaphunzira. Ku Roysambu ndinakumana ndi Wafula, Mkenya woimba ng'oma, ndipo tinayambitsa kabandi kathu, ine ndili pa gitala ya besi. Tinkaimba Lamulungu masana kuseri kwa bala ina m'mphepete mwa Thika Road, ndipo mwini bala ankatithokoza ndi mowa. Nthawi imeneyo Mdala anali atasiya kale bandi yake n'kuyamba kuimba yekha ndi gitala yopanda magetsi. Wafula anandiuza kangapo kuti ndimvereko. Ndinakana. Ndinati munthuyo wakalamba, wagonja, tsopano akuimbira anthu omwa tiyi. Ndinakhala zaka zoposa khumi ndikumunyoza chifukwa cha nyimbo zimene sindinazimvepo ndi imodzi yomwe.

Nditamaliza sukulu ndinapeza ntchito ku bungwe lina lothandiza anthu. Ntchito yanga inali yolemba nkhani za opindula. Ambiri muno mumagwira m'mabungwe, ndiye musandiyang'ane ngati simukumva. Miyezi itatu iliyonse othandiza akunja amafuna nkhope ndi mawu. Umapita ku Kibera, dera la anthu osauka lija, umakhala pansi ndi mayi wina, amakuuza za moyo wake kwa ola lathunthu, amasaina fomu ya chilolezo, iwe umabwerera ku ofesi n'kudula zonse mpaka patatsala ziganizo zitatu: ndinali pa mavuto, bungwe linabwera, tsopano ndikuthokoza. Zikakhala kuti mayiyo anaseka kwambiri pofotokoza, bwana ankandibwezera pepalalo, akuti nkhaniyi sikugwira mtima.

Zinkandinyansa. Koma m'malo mokana, ndinkamwa. Ndinkadziuza kuti ine ndine wa panki, onsewa ndikuwaona bwino, ndipo botolo ndiye kukana kwangako. Poyamba linali Lachisanu lokha, kenako tsiku lililonse ndikaweruka, kenako m'mawa kuchotsa matsire. Bungwe linatipatsa aliyense botolo la madzi lolembedwa dzina lake, langa silinaonepo madzi. Bandi inatha nditagwa ndi gitala pamaso pa anthu n'kugwetsa ng'oma za Wafula. Amalawi anzanga ndinayamba kukuzembani, ndikakuonani m'sitolo ndinkabwerera pakhomo. Mayi anga akaimba foni ndinkangoiyang'ana ikulira mpaka itasiya yokha. Ku Kibera nakonso ndinayamba kupitako mwa apo ndi apo, chifukwa ndinazindikira kuti ziganizo zitatu zija ndingathe kuzilemba nditakhala pa mpando wa m'bala.

Kunali mayi wina, Mama Akinyi, wochapa zovala za anthu, amene kuno amati mama fua. Chaka cham'mbuyo ndinali nditamujambula chithunzi ataima pa tanki ya madzi imene bungwe linaika, ndipo fomu yake inali m'fayilo, yosainidwa. Lachinayi lina bwana anafuna nkhani isanakwane thu koloko masana. Ine ndinali ku Roysambu, mowa utakwera kale m'mutu. Ndinatsegula chithunzicho pa kompyuta, ndinaona manja otuwa ndi sopo, ndipo ndinayamba kulemba. Ndinalemba kuti mwamuna wake anamuthawa n'kumusiyira ana, kuti ankalira mobisa kuseri kwa nyumba ana asamve, kuti masiku ena ankawanyenga ndi madzi otentha othira shuga. Zonsezo ndinazilemba ngati mawu otuluka m'kamwa mwake. Mwamva kale kuti inali nkhani ya ndani. Inali ya mayi anga, zimene iwo anakana kunena moyo wawo wonse. Bwana anati inali nkhani yabwino kuposa zonse zimene ndinalembapo.

Anaikonda kwambiri moti bungwe linaimasulira m'Chiswahili, n'kuisindikiza pa chinsalu chachikulu pamodzi ndi nkhope ya mayiyo, n'kukachipachika pa khoma la holo ku Kibera komweko, moyang'anana ndi tanki.

Mwamuna wa Mama Akinyi sanathawe. Ndi mmisiri womanga nyumba, ndipo nthawi imeneyo anali ku ntchito kutali, ku mzinda wa Kisumu. Anabwerera n'kupeza anzake akumufunsa kuti wabwereranji poti anathawa. Chithunzi cha chinsalucho chinayenda pa mafoni mpaka kumudzi kwawo, ndipo achibale a mwamunayo anati mkaziyo wagulitsa dzina la banja kwa azungu.

Anabwera ku ofesi Lolemba m'mawa onse awiri, chinsalu chili chopindidwa m'khwapa mwa mayiyo. Anachiyala pa tebulo la m'chipinda cha misonkhano. Bwana anandiitana. Inali leveni koloko, ndipo ndinali nditamwa kale.

"Dada," anatero Mama Akinyi, kunditchula mchemwali m'Chiswahili, "zimenezi tinakambirana liti, ine ndi iwe?"

Kenako analoza mwamunayo.

"Uyu ndi mwamuna wanga. Muyang'ane. Anathawa?"

Mwamunayo, Baba Akinyi, anangoima chipewa chili m'manja, maso ali pa chinsalu.

Ndikanatha kupepesa pomwepo, koma ndinaumitsa khosi. Ndinatembenukira kwa bwana n'kunena mokweza kuti aliyense muno amachita zomwezi, kuti iwo ndi amene amafuna misozi, ine ndangowapatsa zimene amaitanitsa. Zina mwa zimene ndinanena zinali zoona, ndipo mpaka lero sindinazibweze. Koma ndinazinena kuti ndibisale kumbuyo kwake, ndipo mayi uja sindinamuyang'ane n'komwe. Anapinda chinsalu chake, anandiyandikira n'kunena kuti, "Ukununkha," ndipo anatuluka. Ntchito inatha tsiku lomwelo. Bungwe linalemba kalata yopepesa m'Chingerezi, ya ndime imodzi, ndipo ku tanki kuja palibe amene anaiwerenga.

Miyezi itatu yotsatira sindiikumbuka bwino. Nyumba ya ku Roysambu inapita, gitala inapita. Mayi Nyirenda awa ndi amene anandipeza masana ena nditagona pa masitepe a nyumba ya munthu wina, nsapato imodzi palibe. Ananditengera kwawo ku Ngong n'kundipatsa kachipinda ka kuseri. Sindinawathokoze. Ndinawatukwana m'galimoto njira yonse, iwo n'kumangoti, "Tukwana mwanangu, bola ukupuma."

Sabata yoyamba ku Ngong, manja akunjenjemera moti kapu ya tiyi ndinkaigwira ndi manja awiri, kunabwera Wafula. Anali atanyamula kawailesi kakale ndi chimbale chenicheni, cha m'kabokosi.

"Sasa, Zione," anatero, kundipatsa moni wa kuno. "Ndakubweretsera mdani wako."

"Bwerera nacho. Sindikufuna nyimbo za pamaliro."

"Ulibe kothawira. Miyendo yakoyo sikufika ndi pa geti pomwe."

Ankanena zoona. Tinakhala pakhonde, ine nditafunda bulangete chifukwa cha mphepo ya ku Ngong ija, mayi Nyirenda akuyanika zovala chapatali n'kumadziyesa kuti sakumvetsera. Wafula anaika chimbale. Ndinali nditakonzeka kuseka. Mawu a Mdala anali atasasa, otsika, ndipo gitala inali imodzi yokha. Ndinati, "Wamva? Nkhalamba." Wafula anati ndikhale chete.

Imene inandigwira ndi nyimbo yachitatu. Inali ya mayi wokolopa m'chipatala. Ndinadikira kuti ayambe kumulirira, chifukwa ndi zimene ndikanachita ine. Sanamulirire. Anafotokoza mmene mayiyo amagwirira ntchito. Amayambira wodi iti ndipo chifukwa chiyani. Ndowa ya madzi otentha amaiika mbali iti. Bondo lakumanzere limamutupa nyengo yozizira, ndiye amakolopa akutsamira lakumanja. Amadziwa ndi fungo lokha kuti wodwala wa pa bedi lakumapeto safika Lachisanu, madokotala asanadziwe, ndipo pansi pa bedi limenelo amakolopa pang'onopang'ono kuti munthuyo asakhale yekha. Anaimbanso kuti mayiyo amadana ndi oponda pamene wangokolopa kumene, ndi kuti nthawi yopuma akamasewera njuga ndi anzake, amabera.

Amabera pa njuga! Ine zaka zisanu ndi ziwiri ndikulemba za anthu osauka, sindinalolepo ndi mmodzi yemwe kukhala wobera pa njuga. Anthu anga onse anali oyera mtima, olira ndi othokoza.

Musaganize kuti mkwiyo unali utatha. Ndime yomaliza inali ya akuluakulu amene anachotsa ntchito theka la okolopa n'kuuza otsalawo kuti azifulumira, ndipo Mdala anawatchula maudindo awo mmodzimmodzi, mosakuwa. Ali mnyamata ankakuwa kuti dziko lonse ndi lovunda, iwe unkavina thukuta lili kamukamu, n'kubwerera kwanu osadziwa kuti wakwiyira ndani kwenikweni. Tsopano ankakulozera munthu, chipinda ndi chimene chinachitika. Nyimbo yotero suvina, umangokhala n'kumayang'ana pansi.

Zotsatirazo zinali chimodzimodzi. Ina inali ya bambo wothawa nkhondo amene kwawo anali mphunzitsi, koma tsopano amasenda mbatata m'khitchini ya lesitilanti n'kumakonza chamumtima zolakwika za pa zikwangwani za bwana wake. Ina inali ya anthu oima pamzere pa ofesi yogawa nyumba, ndipo nyimbo yonse inkangoyenda ndi mzerewo, munthu ndi munthu, mpaka zenera litatsekedwa. Ndipo ina inali ya iye mwini, ya zaka zimene ankamwa. Sanadzikometse. Sanaimbe za mmene ankavutikira mumtima, anaimba za amene ankapukuta masanzi ake. Imeneyo ndinaimvera nditaphimba mutu ndi bulangete.

Chimbale chitatha, Wafula anandiponyera kapepala ka m'kabokosi kaja. Kumapeto kwake, m'zilembo zing'onozing'ono, Mdala anathokoza anthu ndi mayina awo oyamba. Anafotokozanso kuti nyimbo iliyonse ankayamba waiimbira mwini wake, kunyumba kwake kapena ku ntchito kwake, asanaijambule. Amene anati asinthe pena pake, anasintha. Ndipo nyimbo zina sizinalowe m'chimbalemo chifukwa eni ake anakana.

Ndinawerenga kawiri. Munthu amene anandiphunzitsa kusagwadira aliyense ankapita kukaima m'khitchini mwa wokolopa kudikira chilolezo. Ine fomu ya chilolezo ndinali nayo m'fayilo, yosainidwa bwinobwino, ndipo ndinaigwiritsa ntchito ngati kiyi wolowera m'nyumba ya munthu mwini wake kulibe. Ndinalira. Manyazi amene ndinayenera kuchita Lolemba lija anandigwira pamenepo, onse nthawi imodzi. Ndinakwiyanso, koma ulendo uno ndinadziwa amene ndamukwiyira.

"Ndiye wagonja, eti, nkhalamba yako?" anafunsa Wafula.

"Iwe, bwezera yachitatu ija," ndinatero.

Tsopano ndilankhule ndi inu amene mwabwera ndi kabotolo m'chikwama. Mulipo, fungo ndimalidziwa. Nyimbo sinandichiritse, musapite kukasaka chimbale n'kumati mwapeza mankhwala. Inangondichotsera bodza limene ndinkabisalamo, lakuti kudziwononga ndiko kulimba mtima. Zotsalazo inali ntchito, ndipo yosasangalatsa. Mawa lake ndinapempha mayi Nyirenda kuti andiperekeze ku chipatala, chifukwa kunjenjemera kuja kumatha kupha, si kolimbana nako wekha m'chipinda. Dokotala ndinamuuza zoona za mmene ndinkamwera, osachotserako. Ndinayamba kubwera ku gulu lino Loweruka lililonse, ngakhale masiku amene nkhope zanuzi zinkanditopetsa. Thika Road sindinaiponde kwa miyezi isanu ndi umodzi. Nthawi ya leveni koloko m'mawa, pamene khosi linkayamba kuitana, ndinkatuluka kukakwera phiri mpaka miyendo itawawa.

Ndinagwanso kamodzi, mwezi wachiwiri, pa ukwati wa Amalawi anzathu, achimwene ena amene ali muno atandiuza kuti kamodzi sikapha. Sindikutchulani, koma musadzamuuzenso munthu zimenezo. Ndinadzuka, ndinabwera muno, ndinanena, ndipo ndinayambanso kuwerenga masiku.

Kenako ndinaimbira mayi anga foni n'kuwauza zonse, kuphatikizapo zoti ndinaba nkhani yawo n'kuipachika pa munthu wina. Anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Nanga mayi winayo, wamupepesa?"

Ndinali ndisanamupepese. Ndinapita sabata yotsatira. Ndinamupeza pa tanki m'mawa, pakati pa mabeseni ndi azimayi anzake. Anandiona ndili patali ndipo sanasiye kuchapa. Ndinafika n'kugwada m'matope momwemo, mmene timachitira kwathu. Azimayi ena anaseka, chifukwa sanamvetse kuti ndikuchita chiyani.

"Dzuka," anatero Mama Akinyi. "Maondo ako sandithandiza kanthu. Unanama pa khoma, anthu onse akuwerenga. Lero ukufuna kupepesa monong'ona?"

"Ndichite chiyani, mama?"

"Kwera apo. Unene zimene unachita, mokweza, m'Chiswahili chako chothyokathyokacho."

Ndinakwera pa simenti ya tanki. Ndaimbapo pamaso pa zidakwa zoponya mabotolo, koma sindinachitepo mantha ngati tsiku limenelo. Ndinatchula dzina langa. Ndinati mawu a pa chinsalu chija ndinawapeka ine nditaledzera, Mama Akinyi sanawanene, ndipo Baba Akinyi sanathawe, anali ku ntchito. Mayi wina kumbuyo anakuwa kuti sakumva, ndibwereze. Ndinabwereza. Mama Akinyi anapatsa mnzake foni kuti ajambule, ndiye ndinanenanso kachitatu, ndipo kanemayo anamutumiza kumudzi ine ndili pomwepo. Kenako anandilozera beseni. "Poti wabwera, tsukuluza izo."

Ndinapitako Lachitatu lililonse kwa miyezi itatu. Kope sindinkanyamula. Ndinkatsukuluza, ndinkafinya, ndinkamvetsera. Ndinamva zambiri, zoseketsa ndi zokwiyitsa, ndipo ndinazindikira kuti mayi amene ndinamulemba ngati wolira ndi wamwano kuposa ine. Ndinamvanso kuti apongozi ake aakazi, ngakhale anaona kanema uja, sanalowebe m'nyumba mwake mpaka lero. Zimenezo ndinaziwononga ine, ndipo sindingazikonze.

Ndiye ndinalemba nyimbo. Wafula anandibwereka gitala, ndipo ndinakhala nayo masabata atatu. Ndinaikamo ntchito yake mmene amaigwirira, mwano wake, zimene zimamukwiyitsa ndi amene amazichititsa, popanda dontho la msozi. Ndikuuzani mosadzichepetsa, chifukwa kudzichepetsa kwabodza ndinakusiya pamodzi ndi mowa: ndi nyimbo yabwino kuposa chilichonse chimene ndinalembapo. Wafula anafuna kuimva, ndinamukaniza. Ndinati ayambe mwini wake.

Ndinakamuimbira kunyumba kwake Lamulungu masana, Baba Akinyi atakhala pakhomo. Nditafika pa ndime ina, mwamunayo anaphimba nkhope ndi chipewa, mkaziyo anaseka mpaka kutsokomola. Nditamaliza Mama Akinyi anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Ameneyo ndi ine. Sunaphonye ndi pamodzi pomwe."

"Ndiye mukundilola ndikaiimbe kwa anthu?"

"Ayi."

"Mama, mwanena nokha kuti ndi zoona."

"Ndi zoona, ndipo ndi zanga. Za bodza lako kanene kulikonse, utchulenso dzina langa bwinobwino kuti adziwe amene unamunamizira. Koma izi ndi zanga. Unanditenga kamodzi osandifunsa. Lero wandifunsa, ndipo ndikuti ayi. Ndikufuna ndione ngati mawu amenewa umawamva."

Ndinatuluka nditapsa mtima, sindinama. Miyezi itatu ya sopo, zala zong'ambika, nyimbo yoyamba yoona m'moyo wanga. Pa siteji ya matatu, maminibasi a kuno, panali bala, chitseko chili chotsegula, ndipo ndinaima pamenepo gitala ili kumsana. Mutu unayamba kundiuza kuti ndikasintha dzina, tanki n'kuisandutsa mjigo, Kibera n'kuisandutsa Ndirande, ndani angadziwe? Si mmene timachitira m'maofesi? Timalemba pansi kuti dzina lasinthidwa pofuna kuteteza mwini wake, ndipo tikatero timadziona ngati anthu abwino. Ndinaima pamenepo, bala kumanzere, matatu kumanja, mpaka kondakitala atatopa kundiitana. Matatu imeneyo inapita. Ndinakwera yotsatira, pakamwa pali pouma.

Panopa ndimaphunzitsa gitala pa sukulu ina ku Ngong, ndipo ine ndi Wafula tayambanso kuimba. Mayi Nyirenda atamva kuti ndili ndi nyimbo imeneyi anandipempha kuti ndiiimbe lero, akuti ikhudza anthu ndipo mwina wina asiya botolo chifukwa cha iyo. Mwina n'zoona. Ndikudziwa kuti ikanakukhudzani, ndipo mtima wanga ukufuna kuti muimve kuposa mmene unkafunira mowa. Gitala ndabwera nayo, ili apoyo, ndipo tikatha pano ndikuimbirani zina mpaka mutatopa. Ndathokoza pondipirira kupitirira mphindi khumi zija. Koma ya Mama Akinyi simuimva, lero kapena tsiku lina. Mwini wake anati ayi.